KODI TELESIKOPU IMAONA? KUUNIKA MAWU ANAYI A SAYANSI YA ZAKUTHAMBO

Mphunzitsi wina wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno kwa Tsabango adatipatsa timasamba tinayi timene adamasulira kuchokera m'Chingerezi, kuti tiunike Chichewa chake asanagawire ophunzira. Nkhani yake ndi ya kafukufuku wa zakuthambo amene akatswiri a m'mayunivesite akuchita, makamaka pogwiritsa ntchito zipangizo ziwiri, MeerKAT ya ku South Africa ndi James Webb imene ili mumlengalenga. Ntchitoyi ndi yotamandika. Ziganizo zake n'zomveka ndipo malamulo a kalembedwe adawatsata bwino. Komabe muli mawu anayi amene angasocheretse wophunzira. Popeza zolakwa zomwezi timazimvanso kwa olemba ndi owulutsa mawu ambiri, taona kuti n'koyenera kuzikamba pano, mwini wake atalola.

1. Nyenyezi

Womasulirayu adatchula chilichonse chowala kuthambo kuti nyenyezi, ngakhale Jupiter ndi Venus. M'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku palibe cholakwa, pakuti tonse timati nthanda ndi nyenyezi. Alice Werner adalemba m'chaka cha 1906 kuti Anyanja ankati mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wam'mamawa, amene amaumana chakudya mpaka kuwonda, ndi Puikani wamadzulo, amene amaunenepetsa. Sayansi imati akazi awiriwa ndi chinthu chimodzi, Venus, ndipo si nyenyezi chifukwa alibe kuwala kwakekwake. Amangobweza kuwala kwa dzuwa monga muja lichitira galasi. Dzuwa ndilo nyenyezi. Choncho m'zolemba zophunzitsira tisunge mawu oti nyenyezi pa zimene zimawala zokha, ndipo zozungulira dzuwa tizitchula kuti mapulaneti. Mayina athu akale tisawataye. Nthanda ikhalebe nthanda, ndipo Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, amene omasulira Buku Lopatulika la 1922 adawaika m'buku la Yobu, ndi mayina okwanira m'kalasi.

2. Mlalang'amba

Apa womasulira adachita bwino kutenga dzina lathu, koma adaligwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri popanda kusiyanitsa. Mlalang'amba ndi mzera wotuwa uja umaoneka pamutu usiku wa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, magetsi akathima ku Area 23 kapena ku Kawale. Mzerawu ndi khamu la nyenyezi mabiliyoni oposa 100, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. M'zaka za m'ma 1920 Edwin Hubble adatsimikiza kuti kunja kwa khamu lathuli kuli makamu ena otere. Vutoli kalembedwe kangalithetse. Khamu lathu tililembe ndi lembo lalikulu, Mlalang'amba, popeza ndi dzina lamwinimwini. Enawo tiwalembe ndi lembo laling'ono, milalang'amba.

3. Chaka cha kuwala

Mawuwa adawamasulira liwu ndi liwu, ndipo wowerenga aliyense aganiza kuti akunena za nthawi, chonsecho akunena za mtunda. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka padzuwa kufika kuno kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu. Muyezo ukunenedwawu ndi mtunda umene kuwalako kumayenda chaka chathunthu. Chichewa chili nayo kale njira yoyezera mtunda ndi nthawi, pakuti timati kumudzi kwakutikwakuti ndi ulendo wa masiku awiri. Tilembe tsono kuti nyenyezi yakutiyakuti ili pa mtunda wa ulendo wa kuwala wa zaka zinayi. Mawu achuluka, koma tanthauzo lasungika.

4. Kuona

Ili ndilo vuto lalikulu. M'timasamba tonse tinayi telesikopu adaitcha makina oonera zinthu zakutali, ndipo paliponse adalemba kuti akatswiri adaona. Pofotokoza za MeerKAT adafika ponena kuti akatswiriwo amamvera nyenyezi pa wailesi. Wophunzira wowerenga zimenezi adzakhala ndi chithunzi cha munthu wosuzumira mumpope, kapena wa chala pa batani la wailesi. Zithunzi zonse ziwirizi n'zolakwika.

Telesikopu ya kafukufuku ilibe posuzumira. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala, monga muja mayi amakingira madzi a mvula m'beseni. Beseni likakhala lotambalala madzi amachuluka, n'chifukwa chake galasi la James Webb, imene idatumizidwa mumlengalenga pa 25 Disembala 2021, ndi lotambalala mamita 6.5. Kuwala kosonkhanitsidwako kumagwera pa kachipangizo kena kamene m'Chingerezi amati detector. Kachipangizoka kali ndi timabwalo ting'onoting'ono mamiliyoni angapo. Kabwalo kalikonse kamasandutsa kuwala kumene kwagwerapo kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo kompyuta imawerenga kuchuluka kwa mphamvuyo. Chimene katswiri amalandira ndi manambala. Mtundu wodziwika kwambiri wa kachipangizoka, CCD, adaupanga Willard Boyle ndi George Smith m'chaka cha 1969, ndipo adalandira nawo mphotho ya Nobel mu 2009. Kamera ya pafoni imagwira ntchito mwa njira yofananako.

Chinanso n'chakuti kuwala kumene zipangizozi zimalandira diso la munthu silingakuone. James Webb imalandira makamaka kuwala kwa infrared, kumene khungu limakumva ngati kutentha munthu akamawotha moto. Pa chifukwa ichi zipangizo zake amaziziziritsa kupyola madigiri 220 pansi pa ziro, kuti kutentha kwake kusasokoneze muyezo, ndipo adaiika pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchoka pa dziko lapansi. Mitundu yokongola ya pa zithunzi zake amachita kuikapo akatswiri, kuti zosaonekazo ziimiriridwe ndi mitundu imene ife timaiona. MeerKAT, imene idatsegulidwa mu Julayi 2018 m'chipululu cha Karoo, ili ndi madishi 64 olandira mafunde a wailesi. Mafundewa si phokoso. Ndi mtundu wina wa kuwala, umene umapyola fumbi lakuthambo. Mawanga akuda amene timawaona mu Mlalang'amba ndi fumbi lotere, ndipo limabisa pakati pa khamulo. MeerKAT idajambula pakatipo m'chaka chomwecho cha 2018, pamene diso silingafike.

Tikuganiza tsono kuti dzina loti telesikopu tilibwereke monga tidachitira ndi wailesi ndi kompyuta. Pa detector tikupereka dzina loti chikolakuwala, kuchokera ku mneni woti kukola, lolembedwa ngati liwu limodzi monga tilembera mtanthauziramawu. Awerengi amene ali ndi dzina loposa ili atilembere. Aneni oyenera pa ntchitoyi ndi kusonkhanitsa, kukola, kuyeza ndi kupeza. Mneni woti kuona tiusungire maso.

Wina anganene kuti tikulimbana ndi zazing'ono, pakuti ngakhale Chingerezi chimanena kuti telesikopu yaona. Izi n'zoona, koma wowerenga Chingerezi ali ndi mabuku ambiri omuwongolera, pamene wophunzira wa ku Biwi kapena ku Mgona mwina timasamba tinayiti ndito tokha timene adzawerenge m'chinenero chake pa nkhaniyi. Tikamuuza kuti akatswiri amaona, tamubisira kuti ntchitoyi ndi ya masamu, ya magetsi ndi ya kompyuta, maphunziro amene akupezeka m'mayunivesite athu ku Zomba, ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Thyolo. Mayiko asanu ndi atatu a mu Africa adasankhidwa kugwirizana ndi South Africa pa ntchito ya telesikopu yaikulu ya Square Kilometre Array. Zambia ndi Mozambique ali m'gululo, koma Malawi mulibe. Mwana amene akuganiza kuti sayansi imeneyi ndi kusuzumira mumpope umene kwathu kulibe sangaone chifukwa chokonzekerera ntchitoyi.

Mphunzitsi uja adakonza mawu atatu oyambawo mosavuta. Pa chikolakuwala adati ayambe wafunsa ophunzira ake ngati dzinali likuwakhalira pakamwa. Tikugwirizana naye, ndipo tikupempha aphunzitsi ena, akonzi ndi olemba kuti aliyese m'makalasi ndi m'zolemba zawo, kenaka atidziwitse m'mene lalandiridwira.