Kadontho Kofiira Pakhoma

Kuchokera pa negetivi imodzi munthu atha kutsuka zithunzi chikwi zofanana ndendende. Nanga chinthu chotere mungachitchulire mtengo wanji? Apa ndi pomwe ndimawagomera ojambula ndi eni magalare.

Nzeru yawo yagona pa kudziletsa. Wojambula amalonjeza kuti adzatsuka makope khumi basi, kenako amatenga pensulo n'kulemba m'munsi kapena kumbuyo kwa pepala kuti 3/10, n'kusainira. Wogula amalipirira lonjezo limeneli. Makope akamatha mtengo umakwera, moti wobwera mochedwa amapisa m'thumba mozama kuposa woyamba. Chithunzi cha mtsinje cha Andreas Gursky, Rhein II, chili ndi makope asanu ndi limodzi okha, ndipo limodzi lidagulidwa madola 4.3 miliyoni pa okushoni ya Christie's ku New York mu 2011.

Ojambula ambiri safika kumeneko. Iwo amakhala pansi n'kuwerengera pepala la thonje, inki yosasuluka msanga, galasi ndi fulemu, osaiwala kuti galare kawirikawiri imatenga theka la ndalamazo. Wongoyamba kumene akaiwala theka limeneli, zithunzi zimatha pakhoma koma iye n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Chinanso, mtengo ukakwera sautsitsa, poopa kukhumudwitsa amene adagula kale. N'chifukwa chake akadaulo amayambira pansi, mofatsa.

Tsiku lotsegulira chionetsero, wojambula amamwetulira alendo, koma diso lili pa kapepala ka m'mbali mwa fulemu, kudikira kuti mwini galare amatepo kadontho kofiira kosonyeza kuti chagulidwa.