Luso la ojambula sikani

Ndimawapatsa ulemu waukulu anthu amene amajambula sikani m'zipatala. Kachipangizo kamene amayendetsa pamimba pa mayi woyembekezera kali ndi timiyala tapadera m'kati. Magetsi akatikhudza timanjenjemera n'kutulutsa phokoso limene khutu silingamve, pakuti khutu limalekezera pa kunjenjemera ka 20,000 pa sekondi, pomwe timiyalati timafika mamiliyoni angapo.

Phokosolo limayenda m'mnofu pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi. Likagunda pamalire a chiwalo limabwerera, monga amachitira mawu ukafuula m'phanga, ndipo timiyala tomwe tija timalisandutsanso magetsi. Makina amawerengera nthawi imene latenga, n'kudziwa kuya kwa chinthucho. Pierre ndi Jacques Curie ndiwo anatulukira mu 1880 kuti miyala ina ikapanikizidwa imatulutsa magetsi. Mu 1958 dokotala Ian Donald ndi anzake ku Glasgow anafalitsa zimene anaona m'mimba mwa odwala pogwiritsa ntchito njirayi.

Koma makina paokha sauza munthu kanthu. Taonani dzanja la wojambulayo. Amayamba wapaka mafuta ozizira pamimba, chifukwa mpweya ukatsalira pakati pa kachipangizo ndi khungu phokoso sililowa. Kenako amapendeketsa pang'ono, kukanikiza, kudikira mwana atembenuke, maso ali pagalasi. Ife timangoona mitambo yotuwa. Iye amadziwa kuti pakudapo ndi madzi, poyera pokhala ndi mthunzi kuseri ndi fupa. Amayeza mutu, amafufuza pamene pagona nsengwa, ndipo akapeza kuti yatseka njira ya mwana amadziwitsa adokotala msanga, mayi asanayambe matenda.