Nyimbo ya Kubadwa kwa Ghana

Pa 6 March 1957 dziko la Gold Coast lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo lidatenga dzina latsopano lakuti Ghana. Mwa nyimbo zonse zoyamika tsikulo, imodzi yomwe idamveka kutali kwambiri siidapekedwe ku Accra ai, koma ku London, ndi munthu wobadwira kutsidya lija la nyanja ya Atlantic.

Munthuyo anali Aldwyn Roberts, wa ku chilumba cha Trinidad. Pa zoimba ankatchedwa Lord Kitchener, dzina la kazembe wa nkhondo wa Angerezi. Makolo a anthu akuda a ku Trinidad adachokera ku Afirika, ambiri a iwo adapita kumeneko ali akapolo okalima nzimbe. Roberts adafika ku Mangalande m'chaka cha 1948 pa chombo chotchedwa Empire Windrush. Nyimbo yakeyo, ya mtundu wa kalipso, adaitcha "Birth of Ghana", ndiko kuti kubadwa kwa Ghana, ndipo adaijambula pa mbale ya galamafoni tsiku la ufulu lisanafike.

Kalipso ndi nyimbo yonena nkhani. Woimba wake ali ngati mthenga wa mfumu amene amayenda mudzi ndi mudzi kufotokoza zimene zachitika. Pa ntchito imeneyi Kitchener adachita bwino ndithu. Atchula tsiku, mwezi ndi chaka. Atchula dzina lakale la dziko ndi latsopano. Afotokoza mbendera ndi maonekedwe ake, kufiira, golide ndi kubiriwira, ndiponso nyenyezi yakuda pakati. Munthu wosadziwa kuwerenga nyuzipepala, akamva mbaleyi kawiri kapena katatu, nkhani yonse yakhala m'mutu mwake, kwinaku miyendo ikuvina. Mawu ake ndi apafupi, ndipo ena anganene kuti ndi owuma ngati kalata ya ku boma. Komatu kuwuma kumeneku ndiko kudaithandiza kuti isaiwalike.

Chimene chigwira mtima koposa ndi chakuti woimbayo sadziyesa mlendo. Saimba ngati munthu woonerera chikondwerero cha eni ake ali kunja kwa mpanda. Adziwerengera yekha pamodzi ndi okondwerawo, ngakhale kuti kwao ku Trinidad kunali kukadali m'manja mwa Angerezi. Ndipo sadalakwe. Nyenyezi yakuda ya pa mbendera ija ikumbutsa Marcus Garvey wa ku Jamaica, amene m'chaka cha 1919 adayambitsa kampani ya zombo yotchedwa Black Star Line. Maganizo a Garvey adamlimbitsa Kwame Nkrumah pamene ankaphunzira ku Amereka. Choncho mbendera ya Ghana inali kale ndi chizindikiro chochokera kwa ana a akapolo, ndipo mwana wina wa akapolo ndiye adaiimbira.

Komabe nyimboyi ili ndi chilema. Ulemu wonse wa ntchito ya ufulu upita kwa Nkrumah yekha. Alimi a koko amene ndalama zao zidamanga dzikolo samveka. Amayi a m'misika amene adachirikiza chipani chake samveka. Ngakhale asilikali akale atatu aja, amene adawomberedwa ku Accra pa 28 February 1948 poyenda kukapereka madandaulo ao kwa bwanamkubwa, satchulidwa konse. Mutu umodzi susenza denga, koma nyimboyi iusenzetsa. Pamene asilikali adachotsa Nkrumah pa mpando m'chaka cha 1966, mavesi omutamawo adasanduka olemera kuimba.

Pali chinanso chimene Kitchener adachisiya. M'mbali mwa nyanja ku Ghana muli malinga a Elmina ndi Cape Coast, m'mene akapolo ankatsekeredwa podikira zombo. Woimba wa ku Trinidad anali ndi chifukwa chachikulu chotchulira malo amenewa, koma sanenapo kanthu za ukapolo. Kapena adaona kuti tsiku la chimwemwe si tsiku lofukula maliro. Owerenga ena adzamkhululukira, ena adzati adataya mwayi wonena chimene woimba wa ku Accra sakadatha kuchinena.

Kitchener adabwerera kwao m'chaka cha 1962, chaka chomwe Trinidad nayo idalandira ufulu wake pa 31 August. Adamwalira komweko m'chaka cha 2000.