Cithunzi ca pa Kalendala

M'sitolo ina ya ku Matundo, mu mzinda wa Tete, pakhoma pali kalendala. Pa kalendalayo pali cithunzi cacikulu. Anthu obwera kudzagula mcere ndi sopo amaima ndi kuciyang'ana. Ena amapukusa mutu, nkumati: "Awa ndiwo malo! Anthu a kumeneko sadziwa bvuto."

Tiyeni nafenso ticiyang'ane. Pali mcenga woyera ngati ufa. Pali nyanja yaikulu yabata. Pali mtengo wa kokonati. Pansi pa mtengowo mwamuna ndi mkazi agona pa mipando yaitali, matambula ali m'manja. M'munsi mwa cithunzi mwalembedwa mau awiri: Varadero, Cuba.

Ife taphunzira kuwerenga mau. Tsopano tiphunzire kuwerenga cithunzi.

Zimene cithunzi canena zoona

Wojambula amaidziwa nchito yake. Sananame ai. Varadero ilipodi, kumpoto kwa cisumbu ca Cuba, ndipo mcenga wake ndi wautali makilomita pafupifupi 20. Anthu a kumeneko amalankhula Cisipanishi. Dziko lao ndi lofunda caka conse.

Ku Canada ndi ku Ulaya kukazizira kwambiri, anthu amakwera ndege kupita kukaothera dzuwa ku malo otere. M'caka ca 2018 alendo oposa 4 miliyoni anafika ku Cuba. Ena amapita ku Spain, ena ku Mexico. Ena akakalamba amagula nyumba ku Spain ndi kukhala komweko.

Kupuma si kulakwa. Mlimi nayenso akakolola amakhala pansi pa mtengo ndi kumwa thobwa. Ndalama za alendo zimapatsanso anthu ambiri nchito. Mpaka apa cithunzi tilibe naco mlandu.

Zimene cithunzi cabisa

Onaninso bwino. M'cithunzi muli anthu angati? Awiri okha, ndipo onse ndi alendo. Nanga eni dziko ali kuti?

Tambula ija ilipo amene anaitsuka. Mcenga uja alipo amene anausesa m'mamawa, alendo ali mtulo. Nsomba imene alendowo adye madzulo alipo amene anaiwedza. Wojambula anawasiya onsewa kunja kwa cithunzi. Anacita dala, cifukwa cithunzici nchito yake ndi kuitana wogula. Wogulitsa mbuzi sachula kuti imatsimphina.

Pali zinanso. Kufikira caka ca 2008, nzika za Cuba sizinali kuloledwa kugona m'mahotela a alendo m'dziko lao lomwe. Mu Okutobala 2024 magetsi anazima m'cisumbu conse kwa masiku angapo. Kuyambira 2021 anthu mazanamazana a zikwi anacoka ku Cuba cifukwa ca kusowa kwa cakudya, mankhwala ndi ndalama. Alendo akutsika ndege, eni dziko akukwera. Pa kalendala izi palibe. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cuba imene ana athu anaiona

Cinthu cina cimene cithunzi sicidziwa ndi ici: ana a Mozambique anakhalapo ku Cuba, ndipo sanapite kukagona pa mcenga.

M'caka ca 1977 Fidel Castro anacezera dziko lathu, ndipo Samora Machel anacezera Cuba. Caka comweco gulu loyamba la ana a sukulu linacoka kuno. Anapita ku cisumbu cacing'ono cimene mu 1978 cinapatsidwa dzina lakuti Isla de la Juventud, ndiko kuti Cisumbu ca Acinyamata. Kumeneko kunali sukulu za ana a Mozambique. Ina inali ndi dzina la Eduardo Mondlane, ina la Samora Machel.

Tsiku lao linali logawika pawiri. Theka la tsiku anali m'kalasi. Theka lina anali m'minda ya zipatso za mtundu wa malalanje, kupalira ndi kuthyola. Anaphunzira Cisipanishi. Aphunzitsi ocokera kuno anapita nao kuti anawo asaiwale Cipwitikizi ndi mbiri ya dziko lao. Anakhala zaka zambiri osaona amai ao. Kalata inali kutenga nthawi yaitali kuti ifike kumudzi, ndipo makolo ambiri anali kufuna wina woti awawerengere.

Ambiri anabwerera ali ndi luso la uphunzitsi, la ulimi, la cipatala ndi la makina. Mukamufunsa mmodzi wa iwo za Cuba, sayamba ndi nyanja. Amayamba ndi belu la m'mawa, munda ndi kulakalaka kwao.

Pali nkhani inanso yoti ife a m'kalasi muno tiidziwe. Mu 1961 acinyamata a ku Cuba anapita m'midzi ndi mabuku ndi nyali kukaphunzitsa alimi. M'caka cimodzi anthu oposa 700,000 anadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kuno kwathu, pa nthawi ya ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sanali kudziwa kuwerenga, ndipo nchito yaikulu yophunzitsa akulu inayamba mu 1978. Nkhani yotere ndi yolemera kuposa mcenga, koma wopanga kalendala sanaione kuti ingagulitse.

Gombe limodzi, alendo a mitundu iwiri

Zithunzi zotere zilipo zambiri, ndipo masiku ano zafika m'mafoni a ana athu. Zina ndi za zisumbu za Canary. Zisumbuzi ndi za Spain, koma zili pafupi ndi gombe la Africa.

Kumeneko kumafika alendo a mitundu iwiri. Oyamba amatsika ndege ndi masutikesi, ndipo amalandiridwa ndi kumwetulira. Aciwiri amafika pa mabwato a matabwa kucokera ku Senegal, ku Mauritania ndi ku Gambia, atakhala masiku ambiri pa nyanja. Mu 2024 anthu oposa 46,000 anafika motero. Ena ambiri anamira panjira. Onsewa acoka kwao kufuna moyo wabwino. Koma wina amachedwa mlendo wolemekezeka, wina amachedwa wolowa mozemba. Cowasiyanitsa ndi pasipoti ndi thumba.

Eni zisumbuzo naonso ali ndi dandaulo. Mu Epulo 2024 anthu zikwizikwi anaguba m'miseu. Anati alendo aculuka, nyumba zakwera mtengo, ndipo mwana wobadwira pomwepo akulephera kupeza pogona.

Nanga kuno ku Tete?

Dandaulo limeneli ife silacilendo kwa ife. Tete nayenso ndi wofunda, ndipo analandira alendo ake. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011. Kunabwera anthu a nchito a maiko ambiri. Mahotela anamangidwa. Lendi ya nyumba inakwera, ndipo anthu wamba inawakulira. Ena mwa alendowo anali kukhala m'mipanda, m'nyumba za makina oziziritsa. Pa masiku opuma ena anali kupita ku Cahora Bassa kukawedza nsomba mongosangalala.

Tiyerekeze kuti mmodzi wa iwo akutumiza cithunzi kwao. Adzajambula mlatho wa Samora Machel dzuwa likulowa, madzi a Zambezi atafiira. Abale ake adzati: "Awa ndiwo malo!" Koma m'cithunzimo simudzakhala Cateme. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi upeze malo, ndipo ambiri anapita ku Cateme, kutali ndi msika. Anadandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'aluka. Mu Januwale 2012 anatseka njanji ya sitima ya malasha kuti mau ao amveke. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi kwa kampani ya Vulcan ndi kucoka. Mlendo ndi mame. Anthu a ku Cateme anatsala.

Sitikunena kuti mlendo aliyense ndi woipa. Akulu omwewo anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Madokotala a ku Cuba anaciritsa anthu m'zipatala za Mozambique. Amisiri ena acilendo anasiyira acinyamata athu luso. Mlendo timamuyesa ndi zimene wasiya pocoka.

Ciweruzo cathu

Cithunzi ca pa kalendala ncokongola, koma canena theka la nkhani. Caonetsa wopuma, cabisa wogwira nchito. Caonetsa mlendo, cabisa mwini dziko. Munthu wociona angayambe kunyoza mudzi wake, poyesa kuti kwina kulibe thukuta.

Apa ndi pamene pali ngozi. Tsiku lina munthu adzafika kumudzi ndi zithunzi zotere m'foni. Adzati ali ndi nchito ya m'hotela kunja, ndipo mwana wanu angapite mukalipira ndalama. Musagulitse ng'ombe cifukwa ca cithunzi. Funsani kalata ya pangano. Iwerengeni nokha, mau ndi mau: dzina la wolemba nchito, malipiro, malo ogona, ndi amene adzalipira ulendo wobwerera. Pitani nayo ku ofesi ya boma yoona za nchito kuti akaione. Wokana kukupatsani kalata ali ndi cimene akubisa.

Kalendala ija tisaing'ambe. Ikhale pakhoma, itiuze masiku. Koma poyang'ana cithunzi ciliconse tizifunsa: Anajambula ndani? Akufuna kuti ine ndicite ciani? Ndani amene wasiyidwa kunja?

Mafunso

1. Ndi anthu ati amene sakuoneka m'cithunzi ca Varadero?
2. Ana a Mozambique anali kugawa bwanji tsiku lao ku Isla de la Juventud?
3. Cifukwa ciani anthu a ku Cateme anatseka njanji mu 2012?
4. Chulani zinthu zinai zoyenera kupezeka m'kalata ya pangano la nchito.

Nchito ya m'gulu

Bweretsani cithunzi cimodzi ca pa kalendala, ca pa thumba la mbeu kapena ca m'nyuzipepala. Kambiranani zimene caonetsa ndi zimene cabisa. Pambuyo pake aliyense alembe mizere itatu yofotokoza mudzi wake kwa mlendo amene sanafikepo, osabisa cabwino, osabisanso bvuto.