Gunda wa ku Kopala: Kutamanda Gedeon Mulenga

Wambani ng'oma! Wambani pamoto wa mapesi, phula lifewe, chikopa chikungike. Wambani mbalule, wambani mpanje, koma gunda mum'siyire malo pakati pa bwalo, pakuti lero tikutchula mwini wake. Tchete, Mindolo! Tchete, Chamboli ndi Wusakile! Tchete, Buchi, Chimwemwe ndi Ndeke! Amayi a pamsika wa Chisokone, tulani madengu, konzani pakhosi, nthungululu yayandikira.

Ndaima pano pa Mindolo, m'mbali mwa damu, madzi ali phee. Kumbuyo kwanga kuli nsanja ya mgodi wa Mindola, yomwe imameza amuna m'mawa n'kuwalavula madzulo. Ndaima pamalo pomwe nthaka ili ndi mimba. Apa ndi poyenera kuitanira munthu wa mawu a pansi.

Dzukani a Mulenga! Dzukani Gedeon, amene ena amakulembani Mwamulenga. Dzukani mwini nsambo zinayi. Dzukani bingu logona m'chala. Dzukani mvuu ya mu Kafue, yobangula m'kati mwa madzi, ngalawa n'kumanjenjemera pamwamba. Dzukani njovu yoyenda kumbuyo kwa gulu, yosafuna kuoneka, koma ikaponda dziko lonse limadziwa.

Inu ndinu mzati. Inu ndinu nsanamira ya pakati, yosapakidwa laimu, yosayamikidwa ndi alendo, koma denga lonse lili pamutu panu. Inu ndinu fuwa lachitatu, lija likachoka mphika umagudubuka. Inu ndinu chulu cha ku Kopala, chachitali kuposa nyumba, chomera mitengo pamsana. Inu ndinu muzu wa mlambe. Inu ndinu thanthwe la pansi pa mtsinje: madzi amadzitama ndi thovu, koma njira amafunsa kwa inu.

Dzina lanu lomwe ndi nkhondo. Gideoni wa m'buku la Oweruza anapita kwa Amidiyani ndi amuna 300, atanyamula malipenga, mbiya ndi miuni, ndipo adani anathawa phokoso. Mnzake wa dzina ndinu. Iye anaswa mbiya, inu munaswa bata. Iye anathamangitsa Amidiyani, inu munathamangitsa tulo m'makomboni a migodi. Ndipo khutu la Mchewa likamva "Mulenga" limamva kulenga. Wolenga chivomezi! Wolenga njira yoti mapazi apondemo!

Kitwe anakumvani poyamba. Kitwe wa utsi wa ku Nkana. Kitwe wa phiri lakuda la zinyalala za mkuwa. Kitwe wa malilime ambiri, komwe Mubemba, Mlamba, Mlozi, Mnsenga, Mngoni wa ku Chipata ndi Mnyasa wa kutsidya kwa Mchinji ankatsikira m'chikepe chimodzi, nyali pachipumi. Ufulu unali utabwera pa 24 Okutobala 1964, mkuwa unali ndi mtengo, malipiro akatuluka matumba ankalemera, ndipo anyamata ankamva Jimi Hendrix, James Brown ndi Rolling Stones pawailesi mitima n'kumawayabwa. M'ng'anjo imeneyo ndi momwe munasungunulidwa. M'ng'anjo imeneyo ndi momwe munatuluka muli psuu, kenaka n'kuuma gwa.

Dzina la bandi lokha linkaopsa agogo: WITCH. Mfiti! M'dziko lomwe liwu limeneli silitchulidwa usiku, inu munalilemba poyera kuti aliyense awerenge. Mfiti zosauluka pa lichero. Mfiti zosafukula manda. Mfiti zolodza ndi magetsi. Zilembo zisanuzo munazimasulira kuti We Intend To Cause Havoc, kulengeza masana dzuwa likuswa mtengo kuti mwadzera chipwirikiti. Amene ananena kuti sanachenjezedwe ndi wabodza.

Taonani gululo. Patsogolo Emmanuel Chanda, Jagari, nyalugwe wodumpha pamasipika, amene dzina lake analisula kuchokera kwa Mick Jagger. Pambali Chris Mbewe, mphezi yong'amba thambo ndi gitala. Apo John Muma, mvula yosalekeza. Apo Paul Jones Mumba ndi limba lake lolira ngati mphepo ya mu Julayi. Kumbuyo Boidi Sinkala, matalala pamalata. Ndipo pafupi ndi Boidi, phewa ndi phewa, inu. Maso a anthu kwa Jagari. Makutu a anthu kwa Mbewe. Koma ziuno za anthu kwa inu, a Mulenga. Ziuno zonse kwa inu!

Besi siimveka ndi khutu lokha. Besi imalowera kuphazi. Imakwera m'miyendo, imagogoda nthiti, imakakhala pachifuwa ngati mwana wobadwa kumene. Chala cholozera ndi chala chapakati, ziwiri zokha, zikuyenda pansambo yonenepa ngati miyendo ya mlenje. Nsonga za zala zochita zikang'a. Lamba wakumba phewa. Ampulifaya yatentha, ikununkha fumbi lopserera. Botolo la mowa likusuntha lokha patebulo, pang'ono pang'ono, mpaka mwini wake kuligwira pakhosi. Ndi-ndi-ndi! Malata akuyankha. Ndi-ndi-ndi! Mabuluku otambalala kumapazi akusesa pansi, nsapato za gogoda zikusinja simenti. Ndi-ndi-ndi! Wa shifiti ya usiku akuyang'ana wotchi, akutukwana, akuvinabe.

Bambo wa mumgodi amatsika kuti mzinda uwale. Nanunso munkatsika. Munkatsika pansi pa mawu a woimba. Munkatsika pansi pa kulira kwa gitala. Munkatsika kumdima komwe kulibe m'manja, kulibe nthungululu, kulibe wojambula zithunzi, n'kumakumba mwala womwe anzanu ankawala nawo pamwamba. Mgodi wa nyimbo! Chikepe chosaduka chingwe! Mchirikizo wa denga la pansi pa dziko!

Werengani zimbale, muwerenge ngati nkhokwe za mfumu. Introduction, chisamba cha banja, chojambulidwa ku situdiyo ya Malachite ku Chingola, chokadindidwa kutali ku Nairobi chifukwa kwathu kuno makina anali asanafike. In the Past, wopondana naye. Lazy Bones!! wa 1975, tambala wa mudzi, mafupa aulesi omwe sanalole fupa la munthu aliyense kuchita ulesi. Lukombo Vibes wa 1976, chikho chotungira kuchitsime cha makolo, mutamva ng'oma za bandi ya Osibisa n'kukumbukira kuti nanunso muli nazo zanu. Chimbale cha 1977 chonyamula Janet. M'nkhokwe iliyonse, pansi penipeni pomwe pamakhala chimanga cholemera, pali inu.

Ndola anatsegula zitseko. Ndola wa kampani ya zimbale ya Teal. Ndola wa Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Kaunda, mwini kampango koyera, analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse za pawailesi, 95 zikhale za ana a Zambia, ndipo besi yanu inalowa m'nyumba zopanda magetsi kudzera m'kawailesi ka mabatire. Inalowa ku Mufulira. Inalowa ku Luanshya. Inatsata njanji mpaka ku Kabwe, ku Lusaka, ku Livingstone. Inawoloka malire, Malawi anaimva, Botswana anaimva. Mtsinje wosapempha chiphaso! Mphepo yosaima pachipata!

Tsono apa ndipatuke pang'ono, ndilavule kachinthu kali kukhosi. Azungu ali ndi nyimbo yawo yaukali yotchedwa punk, ndipo amaiwerengera zaka ngati mwana wa mfumu. Amati Ramones ku New York, chimbale choyamba 1976. Amati Sex Pistols ku London, 1977. Amatchula Dee Dee Ramone, amatchula Sid Vicious, amapachika pakhoma chithunzi cha Paul Simonon akuphwanya besi pansi mu 1979. Zikomo, tawamva. Koma Lazy Bones!! ndi wa 1975, abale. Chipwirikiti chinali chitalengezedwa kale ku Chamboli. Ndipo kuno besi sinkaphwanyidwa. Ungaphwanye bwanji khasu lako? Malire a Rhodesia anali otseka kuyambira 1973, katundu wakunja ankabwera movuta, chida chinali chuma chosamalidwa ngati ng'ombe ya pagoli. Ukali wanu unkatulukira m'chala, chida n'kubwerera m'bokosi chili chamoyo. Kwa ine mwamuna ndi ameneyo.

Simunali nokha m'nkhalango, mikango inalipo yambiri. Lemekezani Jerry Mausala wa Amanaz, mnansi wanu wa mu Kitwe momwemo, amene anasenza chimbale cha Africa mu 1975. Lemekezani a Ngozi Family ku Lusaka, ana a Paul Ngozi, woimba Chinyanja chathu chomwechi gitala ikukuta mano, Chrissy Zebby Tembo akuswa ng'oma, Tommy Mwale akugunda besi. Lemekezani Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, otsegula njira. Lemekezani The Peace, lemekezani Blackfoot, lemekezani Five Revolutions. Zamrock, nyimbo ya nonsenu, ndi mtundu, ndipo mtundu uli ndi mafumu ambiri. Koma lero ndodo yaloza pakhomo panu.

Kenaka kunja kunada. Mkuwa unagwa mtengo pakati pa zaka za m'ma 1970, matumba anaphwa, mizere ya ufa ndi sopo inatalika. Ndege za Smith wa ku Rhodesia zinaponya mabomba pa nthaka ya Zambia mu 1978, boma linati usiku aliyense m'nyumba, nyali zizime. Woimba wa usiku adya chiyani usiku ukaletsedwa? Disko inabwera ndi munthu mmodzi ndi mulu wa zimbale, n'kulanda malo a amuna asanu ndi mmodzi. Jagari anatsika pansanja. Ambiri anapachika magitala.

Inu simunapachike. Inu bango la m'dambo, lowerama chigumula chikamadutsa. Inu nkhanga yosintha tchire, mawanga ali omwewo. Patrick Mwondela atabwera ndi makiyibodi, WITCH n'kuvala malaya a disko pa Movin' On mu 1980, pansi pake panali inu ndithu. Nyimbo inasintha mayendedwe, msana unali womwewo. Ndipo mu 1984 bandi inatulutsa Kuomboka, dzina la mwambo wa Alozi, pomwe mfumu yawo Litunga amakwera bwato la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita ku Limulunga madzi akasefukira, ng'oma zazikulu za maoma zitaitana opalasa usiku. Dzina loyenera gulu lomwe linkaona madzi akukwera.

Madziwo anakweradi. Kalindula anatenga bwalo, ndipo taonani nthabwala ya Chauta: nyimbo yomwe inalowa m'malo mwanu inatenga dzina lake kuchokera ku besi, chigitala chachikulu chosema pamanja cha ku Luapula, mbale wake wa babatoni wathu. Ngakhale pogonja, besi ndi yomwe inapambana. Koma panabwera china chosavinika. Mliri wa Edzi unalowa m'misasa ya oimba a Zambia ngati moto wa lupsa, wosasankha udzu. Paul Ngozi anagona mu 1989. Mabwalo anakhala zii. Mwa amuna oyamba a WITCH, mmodzi ndi mmodzi anatsikira kuli chete: Mbewe, Muma, Sinkala, Mumba, ndi inu, a Mulenga. Anatsala Jagari yekha, akukumba miyala ya mtengo wapatali kutchire, manja omwe ankagwira maikolofoni atagwira piki.

Pepa, mkango. Pepa, mvuu. Pepa, chulu chomwe mvula inakokolola. Pepa, bingu lomwe linapita kuseri kwa phiri. Tikuthira ufa patsinde pa mpoza. Tikuthira mowa pansi, nthaka imwe, pakuti nthaka ndi yomwe inkakudziwani bwino.

Koma bingu limafa kodi? Funsani Los Angeles, komwe kampani ya Now-Again inasonkhanitsa zimbale zanu m'bokosi limodzi mu 2012, ana osadziwa komwe kuli Kitwe n'kumagwedeza mitu. Funsani Gio Arlotta wa ku Italy, amene kanema wake wa 2019 ananyamula dzina lonse la bandi yanu. Funsani Jacco Gardner wa ku Netherlands, mwana wobadwa Lazy Bones!! atakalamba kale, amene anakoleka besi paphewa n'kuima kumbuyo kwa Jagari, pamalo panu penipeni, akuponda m'mapazi mwanu. Funsani Zango, chimbale cha WITCH cha 2023, pomwe Sampa the Great anaimba ndi agogo ake a Zamrock. Funsani Tyler, the Creator, amene mu 2024 anatapa Chinyanja cha Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake, dziko lonse n'kumayesa kutchula mawu athu lilime likupindika. Mbewu yomwe munakwirira yamera kutsidya kwa nyanja. Yamera! Yamera mwini munda atagona!

Gunda wa ku Kopala! Gunda wosasowa phula! Gunda wolankhula ndi mafupa! Kafue wosefukira mu Malichi! Mosi-oa-Tunya womveka usanamuone! Mchirikizo wa Jagari, mapasa a Boidi, mthunzi wa Mbewe! Mwamuna wa kumbuyo amene kutsogolo konse kunkatsamira pa iye! Ululuzani, amayi a Mindolo! Ombani m'manja, madoda a Wusakile! Iwe mnyamata wa ku Chimwemwe amene ukumanga waya wa buleki pa chigubu kuti upange besi yako, imirira, vula chipewa, agogo ako akudutsa.

Ndipo inu owerenga, usiku uno funani Lazy Bones!!, kaya pa foni kaya pa chimbale chakale cha amalume. Jagari mum'mve, ndi woyenera. Kenaka tsitsani khutu pansi pa mawu ake, pansi pa gitala ya Mbewe, mpaka mufike pomwe chifuwa chikugunda chokha. Mukafika pamenepo, tchulani dzina mokweza, ana amve: Gedeon Mulenga, wa besi, wa WITCH, wa ku Kitwe.