Diso Lodekha la J Malan Heslop

Pamene J Malan Heslop anatsikira kuli chete m'chaka cha 2011, ali ndi zaka 88, anthu akwao ku Utah, kumadzulo kwa dziko la America, anamulira monga mtumiki wa mpingo, mkonzi wa nyuzipepala ndi kholo la ana ndi zidzukulu. Koma ine, amene sindinaonanepo naye maso ndi maso, ndimamukumbukira makamaka chifukwa cha zimene anachita m'mwezi wa Meyi 1945, asanapitirire zaka 22, pamene analowa ndi kamera yake m'ndende yozunziramo anthu ya Ebensee m'dziko la Austria.

Ndendeyo inali nthambi ya ndende yaikulu ya Mauthausen, ndipo akaidi ake, amene boma la Hitler linawasonkhanitsa kuchokera m'maiko ambiri a ku Ulaya, anali kukumba mapanga aakulu m'kati mwa phiri kuti mukhale mafakitale a zida za nkhondo kumene mabomba a ndege sakanafika. Asilikali a America anatsegula zipata zake pa 6 Meyi, ndipo Heslop, amene anali m'gulu la ojambula zithunzi a asilikaliwo, anafika pambuyo pao nkhondo ya ku Ulaya ili m'kutha. Zimene anapeza n'zimene zili m'zithunzi zake: amuna otsala mafupa okhaokha, nthiti zowerengeka, ena ali gone pa mabedi a matabwa osanjikizana, maso okha ndiwo otsala ndi moyo.

Kuti timvetse luso la zithunzi zimenezi, tiyenera kuyamba tagwira m'maganizo chipangizo chimene ojambula a nkhondo ndi a nyuzipepala a masiku amenewo anali kunyamula, kamera yotchedwa Speed Graphic, bokosi lolemera lofuna manja awiri. Filimu yake sinali yokulunga ayi, koma mapepala amodziamodzi a mainchesi 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, okhala awiriawiri m'kachikwama kathyathyathya. Wojambula anayenera kulowetsa kachikwamako kumbuyo kwa kamera, kusolola chotsekera, kuyesa kutalika kwa mtunda ndi kukula kwa kuwala, ndipo akadina kamodzi, kubwezera chotsekera chija, kutembenuza kachikwama, ndi kuyambanso zonse. Pakakhala mdima, babu lounikira linali kupsa pa chithunzi chimodzi n'kutayidwa. Munthu wonyamula chida chotere sadina mwachisawawa monga tichitira ife ndi mafoni athu pa ukwati, pamene tijambula zithunzi makumi asanu za mkwatibwi osamuyang'ana n'komwe. Iye amayamba waona, nayembekeza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kumeneku ndiko ndikuona m'nkhope za anthu a ku Ebensee. Kamera yaikulu yotere siibisika, ndipo wojambulidwa amadziwa kuti akujambulidwa, nakhala ndi kamphindi kokweza mutu kapena koyang'ana kumbali. Chotero m'zithunzi zina akaidiwo akuyang'ana wojambula mwachindunji, ndipo kudzera mwa iye akuyang'ana ife. Pali funso limene limandisautsa nthawi zonse pa zithunzi za mtundu uwu, ndipo sindifuna kulizemba: kodi munthu amene adani ake anamuvula zovala, dzina ndi ulemu, wojambula samuvulanso kachiwiri pomuonetsa ku dziko lonse ali chomwecho? Ngozi imeneyo ilipodi, ndipo ojambula ambiri agweramo, kusandutsa masautso a anzao kukhala malonda. Chimene chipulumutsa Heslop, monga ndionera ine, n'chakuti anaima pafupi, pa msinkhu wa munthu mnzake, kotero kuti woona chithunzi sangathe kunena kuti awa ndi mulu wa mitembo yoyenda. Akakamizika kuvomera kuti uyu ndi mwana wa munthu, amene amake anamubereka kumbuyo tsiku lina.

Atabwerera kwao, Heslop analowa ntchito ku Deseret News m'chaka cha 1948, nyuzipepala ya mumzinda wa Salt Lake City imene Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza unayambitsa mu 1850, ndipo pambuyo pa zaka zambiri monga mkulu wa ojambula, anakhala mkonzi wa Church News, tsamba la nkhani za mpingowo, kuyambira mu 1968. Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti ntchito yotere ili ndi goli lake. Nyuzipepala ya mpingo imafuna zithunzi za atsogoleri akugwirana chanza, za nyumba zopemphereramo zikutsegulidwa, za makwaya ovala zofanana, ndipo diso limene linaona Ebensee likanatha kuchita dzimbiri pa mwambo wa tsiku ndi tsiku wotere. Komabe ndikhulupirira kuti kwa iye ntchito ziwirizi sizinali zosiyana kwenikweni, pakuti a Mormon, monga amatchedwira anthu a mpingo wakewo, ndi anthu okonda kusunga mbiri koposa, amene kuyambira tsiku limene mpingo wao unakhazikitsidwa mu 1830 anaona kulemba zochitika ngati lamulo la Mulungu, ndipo amafufuza maina a makolo ao ndi a mitundu yonse, nasunga zolembedwazo m'mapanga osemedwa m'phiri la Granite Mountain pafupi ndi Salt Lake City. Mwana woleredwa m'chikhulupiriro chakuti dzina la munthu aliyense liyenera kulembedwa, ngakhale la wakufa kalekale, sakanaona akaidi aja ngati chiwerengero.

Zithunzi zake za nkhondo zikusungidwa lero ku yunivesite ya Brigham Young mumzinda wa Provo, ndipo zina zikupezeka kunyumba yosungirako mbiri ya chipululutso cha Ayuda ku Washington. Masiku ano, pamene kwabuka anthu otsutsa kuti zoopsa zija sizinachitike, ofufuza amatsegula mabokosi a zithunzizo, nanyamula filimu ija m'mphepete ndi nsonga za zala, naikweza poyera, ndipo amuna a ku Ebensee amayang'ananso.