Nsanje Pakati pa Achinjira: Kuunika Mabuku a Bâ, Morrison ndi Dangarembga

Kummwera kwa Malawi kuli mawu akuti chinjira, amene amanena za ubwenzi wa akazi awiri omwe si apachibale koma anasankhana okha. Achinjira amapatsana mphatso, amasungirana zinsinsi, ndipo pa matenda kapena pa maliro wina amakhala woyamba kufika pakhomo pa mnzake. Ubwenzi wotere timautamanda. Komabe nyimbo za pamtondo, nthano ndi masewero a pawailesi zatizoloweza chithunzi china, cha akazi olimbirana mwamuna, cha mkazi wamkulu ndi wamng'ono pa mitala. M'maganizo a ambiri zithunzi ziwirizi sizikumana: mnzako wabwino ali uku, mdani wako ali uko. Nkhani ino ikuunika mabuku atatu olembedwa ndi akazi, la ku Senegal, la ku America ndi la ku Zimbabwe, pofuna kuona momwe alembi ake anayankhira funso lovutirapo: kodi nsanje ndi mpikisano zimakhala pati pamene akazi awiri akukondanadi? Mfundo yanga ndi yakuti buku limakhala lamphamvu likalola nsanje kukhala m'kati mwa ubwenziwo, ndipo limafooka likaikankhira kwa mkazi wachitatu woti owerenga azingomunyoza.

Tiyambe ndi Une si longue lettre, buku la Mariama Bâ lomwe linasindikizidwa ku Dakar mu 1979 ndi kupata mphotho ya Noma mu 1980. Ambiri kuno analiwerenga m'Chingerezi pa mutu wakuti So Long a Letter. Buku lonse ndi kalata ya Ramatoulaye, mphunzitsi yemwenso ndi mayi wa ana 12, yomwe akulembera Aissatou, mnzake wa paubwana, ali m'masiku olira maliro a mwamuna wake Modou. Akazi awiriwa anaona tsoka lofanana. Mwamuna wa Aissatou, dokotala Mawdo, anakwatira mkazi wachiwiri pomvera mayi ake, omwe sanafune konse mwana wa mmisiri wosula golide m'banja lawo lachifumu. Aissatou anachoka ndi ana ake anayi, anapitiriza maphunziro, nakapeza ntchito ku ofesi ya kazembe wa Senegal ku America. Modou naye anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wake Daba, koma Ramatoulaye anasankha kukhalabe pabanja ngakhale kuti mwamunayo sanabwererenso kunyumba.

Bukuli latamandidwa chifukwa chokweza ubwenzi wa akazi pamwamba pa ukwati, ndipo chitamando chimenecho nchoyenera. Koma wowerenga wosamala aona kuti Bâ anausesa ubwenziwu mpaka kuusiya wopanda kachitsotso. Dyera lonse ndi mpikisano wonse anazisenzetsa akazi ena: mayi ake a Binetou, osirira nyumba yabwino ndi ulendo wa ku Mecca, komanso mayi ake a Mawdo, amene analera mtsikana ndi cholinga chimodzi chokha, chakuti adzalowe m'malo mwa mpongozi wawo. Pakati pa Ramatoulaye ndi Aissatou sipadutsa mawu owawa ngakhale amodzi. Aissatou atamva kuti mnzake akuzunzika m'mabasi anamugulira galimoto, ndipo mphatsoyo inalandiridwa ndi chimwemwe chokhachokha. Aliyense amene analandirapo chinthu chachikulu kuchokera kwa mnzake amene anakula naye akudziwa kuti mphatso yotere imalemera pamtima, pakuti imakumbutsa yemwe wakwera ndi yemwe watsala. Mlembi anaizemba nkhani imeneyi.

Ngakhale zili choncho, mpikisanowo sunathe kubisika. Ukuonekera m'kapangidwe ka buku lenilenilo. Aissatou sayankha; mawu ake enieni timawamva m'kalata imene anasiyira Mawdo pochoka. Ramatoulaye amamufotokozera Aissatou mbiri ya Aissatou yemweyo, zinthu zimene mwiniwake akuzidziwa kale, kenako amafotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chimene iye sanachokere pabanja. Munthu sadziteteza chonchi pokhapokha akumva kuti akuyezedwa. Kalatayi ili ngati mlandu wa pabwalo umene wodandaula sanatsegule pakamwa, chifukwa moyo wa Aissatou pawokha ukufunsa kuti, nanga iwe unatsaliranji? Apa ndi pomwe bukuli lili ndi moyo kwambiri, ngakhale kuti mfotokozankhani sakuvomera. Ubwenzi umene unaswekadi ndi wa Daba ndi Binetou, atsikana amene ankawerengera limodzi mayeso, koma Bâ anaupatsa malo ochepa, ndipo Binetou atakwatiwa sitimumvanso akulankhula zakukhosi kwake.

Funso limene Bâ analisiya pansi pa mphasa, Toni Morrison wa ku America anali atalitulutsa kale poyera m'buku lake la Sula, la mu 1973. Nel Wright ndi Sula Peace akukulira ku Bottom, dera la anthu akuda m'tauni yopeka ya Medallion ku Ohio. Nel ndi wa m'nyumba ya mwambo ndi ukhondo, Sula ndi wa m'nyumba ya phokoso yolowa aliyense, ndipo aliyense wa iwo amasirira kwawo kwa mnzake. Akadali atsikana, kamnyamata kotchedwa Chicken Little kanapulumuka m'manja mwa Sula akukazunguza mwamasewera, nikagwera mumtsinje ndi kumira, Nel akuonerera. Chinsinsi chimenechi chinawamanga pamodzi. Nel anakwatiwa ndi Jude mu 1927, Sula anachoka kwa zaka 10, ndipo atabwerera mu 1937 anagona ndi mwamuna wa mnzakeyo. Jude anachoka osabwereranso.

Mlembi wamba akanathera pomwepa ndi kupereka chigamulo: uyu ndi wolakwiridwa, uyo ndi wolanda mwamuna. Anthu a ku Bottom anagamuladi chomwecho, namutenga Sula ngati gwero la zoipa zonse. Morrison sanagwirizane nawo. Iye akuonetsa kuti chilungamo cha Nel chinkadalira kuipa kwa Sula, monga momwe mwezi umafunira mdima kuti uoneke. Sula ali pafupi kumwalira mu 1940, anafunsa mnzakeyo kuti akudziwa bwanji yemwe anali wabwino pakati pa awiriwo. Mu 1965 agogo ake a Sula, Eva, anakumbutsa Nel kuti nayenso anaonerera mwana uja akumira, ndipo Nel anakumbukira kuti tsiku limenelo mtima wake unali phee, mwinanso wokondwa. Pochoka kumanda ndi pomwe anazindikira kuti zaka zonsezo ankalira Sula, pomwe iye ankayesa kuti akulira Jude. Mwamunayo anali chabe chokumanirapo. Chimene akazi awiriwa ankapikisana nchakuti ndani wa iwo anasankha moyo woyenera, funso lomwe lija limene Ramatoulaye sanathe kulitchula.

Tsitsi Dangarembga, m'buku la Nervous Conditions la mu 1988, anapita patsogolo pochotseratu mwamuna wolimbirana. Nkhani yake ikuchitika ku Rhodesia m'zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Tambudzai, mtsikana wa kumudzi, anapeza mwayi wa sukulu ya mishoni chifukwa chakuti mlongo wake Nhamo anamwalira. Kumeneko anagona chipinda chimodzi ndi Nyasha, mwana wa Babamukuru, amene anakhalako ku England mpaka kuiwala Chishona. Awiriwa ndi apachibale, koma ubwenzi wawo anachita kuumanga okha, ndipo unayamba ndi kuipidwa. Tambu ankasirira mabuku, zovala ndi kulimba mtima kwa Nyasha, komanso ankamuweruza kuti ndi mwana wopanda mwambo amene sayamika zimene ali nazo. Babamukuru anakolezera moto pomugwiritsa ntchito Tambu ngati chitsanzo cha mwana womvera, choyezera kusamvera kwa mwana wake.

Dangarembga akutionetsa komwe mpikisano umabadwira. Masisitere a sukulu ya Sacred Heart atabwera kudzalembetsa mayeso, malo a atsikana achikuda anali ochepetsetsa. Tambu anapambana, ndipo anzake a pamishoni anayamba kumutalikira. Pamene chitseko chatsegulidwa pang'ono chabe, wolowa aliyense amasiya mnzake panja, ndipo amene anachitsegula pang'onoyo saoneka pa mkanganowo. Chowawa kwambiri nchimene chinachitikira Nyasha. Ankalembera Tambu makalata, koma Tambu, wotanganidwa ndi kupambana kwake, sankayankha kawirikawiri. Nyasha anadwala matenda okana chakudya ndi kudzisanzitsa mpaka kusokonezeka maganizo, ndipo dokotala woyamba wachizungu ku Salisbury anati munthu wakuda sangadwale chotero. Palibe amene analanda mwamuna wa mnzake, palibe amene anathira mankhwala m'chakudya, koma wowerenga amamva kuti pachitika kusakhulupirika. Tambu mwiniwake, pofotokoza nkhaniyi atakula, sadzichotsera mlanduwo.

Tikawaika pamodzi mabuku atatuwa, tikuona kuti kulemera kwa ubwenzi m'nkhani kumayezedwa ndi zimene mlembi walola kuti ubwenziwo usenze. Aissatou timamulemekeza, koma sitimudziwa. Sula ndi Nyasha timawadziwa chifukwa anzawo anawasirira, anawaweruza, anawasiya, ndipo pambuyo pake anawalira. Wina anganene kuti Bâ anali ndi chifukwa chomveka: pa nthawi imene mabuku ambiri a mu Africa ankaonetsa akazi ngati ongokangana pa mitala, kunali kofunika kuonetsa akazi awiri ogwirana manja. Zimenezo nzoona, ndipo bukuli lidzawerengedwabe chifukwa cha kulimba mtima kumeneko. Koma mgwirizano umene sunayesedwe ndi nsanje sungatiphunzitse momwe nsanje imagonjetsedwera.

Pali phunziro pano kwa olemba m'Chichewa. M'nkhani zathu zazifupi zambiri, mnzake wolanda mwamuna wasanduka mtengambali wodziwikiratu: amalowa pakhomo akumwetulira, amapasula banja, ndipo pomaliza amalangidwa ndi matenda kapena misala, wowerenga nkutsala ndi langizo lakuti asamakhulupirire mnzake. Langizo lotere limasaukitsa akazi kawiri, poyamba powachotsera anzawo, kachiwiri pobisa mwamuna, mkulu wa pabanja kapena lamulo la sukulu limene linapanikiza chitseko. Chiyankhulo chathu chili kale ndi zipangizo zolembera mozama kuposa apa. Chimasiyanitsa kusirira ndi kaduka, nsanje ndi njiru, ndipo chimadziwa kuti kusirira ndi kaduka zimayandikana kwambiri moti munthu angachoke kwina nkufika kwinako asanazindikire. Nkhani imene tikuiyembekezera ndi ya achinjira awiri, wina wakwera ndipo wina watsala, amene akupitirizabe kuyenderana, ndipo mlembi wake watilola kumva zimene aliyense wa iwo amalingalira pobwerera kwawo.